Kutsidya amatchetcha bwalo okha, ife mpaka tilembedwe mayina

Abale anga a Kuchigwa, kuyambira pa Thabwa mpaka pa Marka, nkhani iyi yandikhala pamtima ndipo ndiyinena ngakhale ena mupse nayo mtima. Anzathu a ku Mozambique atisiya kutali pa nkhani yogwira ntchito ya pamudzi popanda malipiro. Atisiya kutali zedi. Ife amene timadzitama kuti sukulu tinapita nayo patali, amene timawayang'ana pansi akabwera ndi njinga zawo pa msika wa Marka kapena akawoloka Shire kuchokera ku Megaza kudzafuna mankhwala, tafika poti chinthu chathu chomwe sitingachigwire mpaka wina atulutse kope ndi cholembera.

Kumayambiriro kwa Epulo ndinali kwa atsibweni anga, kumudzi wina kuseri kwa Vila Nova da Fronteira, m'boma la Mutarara. Nonse mukudziwa kuti pa 7 Epulo kumeneko kumakhala tsiku la amayi, pokumbukira Josina Machel amene anamwalira tsiku lomwelo mu 1971 ali ndi zaka 25 zokha. Zitenje za tsikuli zimafika mpaka m'misika yathu, ndiye palibe chachilendo. Chimene chinandigwira mtima ine ndi zimene zinachitika dzulo lake la tsikulo.

Kusanache bwinobwino kunamveka chitsulo chikugogodwa. Ndi limu yakale ya galimoto, anaipachika pa mtengo pafupi ndi sukulu. Atsibweni anangodzuka, kusolola chikwakwa padenga, n'kunena kuti, "Mwananga, tiye kubwalo, dzuwa lisanatipeze." Titafika tinapeza amuna andanda kale mzere kuchokera golo iyi kulowera golo inayo, zikwakwa zikungomveka tche tche tche. Kumbuyo kwawo anyamata akukoka udzu ndi nthambi za minga, kukaunjika kumbali. Amayi ena akusesa pomwe padzakhale alendo, ena akutunga madzi pa mjigo kudzawaza kuti fumbi ligone. Nkhalamba ina, yoti kwathu kuno tikanati ikhale pansi ipume, inali ndi chitini chobooledwa kunsi chodzaza phulusa. Adzukulu ake awiri akoka chingwe, iyo ikutsata pang'onopang'ono, kugogoda chitinicho ndi kamtengo, mzere woyera ukutuluka wowongoka bwino. Mtengo wopingasa wa golo imodzi unali utadyedwa ndi chiswe. Kalipentala wa m'mudzimo anabwera atasenza wina wosema kale, misomali ili pakamwa. Ana asukulu ananyamula mabenchi a kutchalitchi awiriawiri. Wina anabwereka batire ndi sola yake, wina chimkuzamawu. Banja lililonse linapereka mbale ya ufa wa mapira, ndipo mbuzi anali atagula kale ndi timeticais tosonkha.

Pomwe dzuwa limayamba kuluma, ntchito inali itatha. Panalibe galimoto yoyera ya bungwe itaima pamthunzi. Panalibe tisheti, panalibe fanta ndi banzi, panalibe wozungulira ndi pepala kuti musayine apa.

Ndinafunsa akazi a atsibweni kuti, "Nanga mayi, pamenepa mulandira zingati?" Anandiyang'ana modabwa, tsache lili m'manja. "Tilandire kwa yani? Mawa akudzavina pano ndi ndani, si ife tomwe?"

Tsiku lenilenilo silinandikhumudwitse. Amayi atavala chitenje chimodzi mudzi wonse, anakayika maluwa pa chipilala cha ngwazi, n'kubwerera akuyimba. Utse unavinidwa mpaka fumbi lomwe anawaza madzi lija linadzukanso. Masana kunali mpira wamiyendo wa amayi apabanja ndi atsikana osakwatiwa, opanda nsapato, ena zitenje atazimanga m'chiuno pamwamba pa kabudula, azibambo awo akukuwa kumbali mwana ali paphewa. Valimba inalira mpaka usiku. Ndinagona ndikuimva.

Tsopano imvani za kwathu.

Mudzi wathu uli pakati pa Bangula ndi Nsanje Boma, ndipo dzina lake sinditchula. Bwalo tili nalo limodzi, la pasukulu. Mvula itatha linali thengo lenileni. Udzu wofika m'chiuno, zisoso, minga, ndipo madzi anakumba ngalande yodula pakati penipeni pomwe atsikana amasewerera ntchemberembaye. Ife a komiti ya zamasewero tinapita kwa amfumu mwaulemu wake, iwo anatimvetsa, ndipo madzulo mnyamata wawo anazungulira mudzi wonse akulengeza kuti Loweruka m'mawa aliyense abwere ndi chikwakwa kapena khasu. Palibe amene anganame kuti sanamve.

Loweruka litafika, tinalipo a komiti, agogo awiri achizimayi, ndi atsikana a timu ya ntchemberembaye. Basi. Anyamata amene amathamanga pabwalo lomwelo tsiku ndi tsiku, amene amalimbirana kuti akhale nambala 9, anali atakhala patsinde pa nimu pafupi pomwepo, bawo ili pakati. Nditawayandikira, mmodzi anandifunsa osadzutsa n'komwe mutu: "Achimwene, ndi bungwe liti limeneli? Pali kangachepe?" Nditati palibe bungwe, ndi ife tomwe, anzake anangoseka, masewero n'kupitirira. Atsikana aja anakwirira ngalandeyo okha, dothi akutuira m'mabeseni ochapira, mmodzi minga itamubaya kuphazi.

Sabata yotsatira inamveka mphekesera yoti kukubwera anthu odzalemba mayina a thandizo. Abale, bwalo lomwelo, losatchetcha lomwelo, linadzaza kuyambira mbandakucha. Amuna amphamvu zawo anaima m'zisoso mpaka masana, chiphaso chaunzika chili m'manja, thukuta lili kamukamu, osadandaula za dzuwa kapena minga. Olembawo sanabwere n'komwe. Anthu anabalalika, udzu anangoupondaponda, ndipo palibe ngakhale mmodzi anaganiza kuti poti tasonkhana kale, tiyeni titchetche.

Zimandiwawa chifukwa ife ndi iwo ndife anthu amodzi. Chisena chomwe chimayankhulidwa kwa Ndamera ndi chomwecho chimayankhulidwa ku Mutarara. Mfunda ndi yomweyo, anyakwawa amadziwana, maliro timayenderana, minda ena amalima kutsidya n'kumagona kuno. Malirewa anajambula ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, sanafunse agogo athu. Ndiye kusiyana kumeneku sikuli m'magazi. Tinachita kuphunzitsidwa, ndipo posachedwapa.

Funsani agogo anu za nomi. Kuchigwa kuno achinyamata, anyamata ndi atsikana, ankapanga magulu awoawo okhala ndi atsogoleri awo, n'kumakalima m'minda ya thonje ya anthu. Zomwe apeza sankagawana kuti aliyense alowe nazo m'thumba. Ankasunga mpaka zokolola zitatha, kenako n'kukonza phwando lalikulu la ng'oma, nyama ndi mowa, midzi yoyandikana n'kuitanidwa. Chisangalalo ankachilima okha ndi khasu. Panalinso dima, mnzako akakulimitsa ndi thobwa kapena mowa, mawa iwe n'kukamubwezera. M'nthawi ya Kamuzu kunabwera Youth Week, sabata yathunthu ana asukulu ndi akuluakulu akuumba njerwa, kukonza misewu, kumangira nkhalamba nyumba. Inde munali chikakamizo, ndipo amene anaona ukali wa apayoniya sanaiwale. Zipani zambiri zitabwera mu 1994 anthu anati zonsezo ndi thangata, n'kuzitaya. Tinataya chikakamizo, zomwe zinali zoyenera, koma mtima wogwirira limodzi unapita nacho.

Kenako kunabwera ntchito zachitukuko zolipidwa, kulambula msewu n'kulandira ndalama kapena chimanga. Sindikuzinyoza, zinapulumutsa mabanja ambiri m'zaka za njala. Koma kuyambira madzi osefukira a Januwale 2015, mabungwe anachuluka Kuchigwa kuno mwina kuposa dera lina lililonse m'Malawi, ndipo aliyense pofuna kuti msonkhano wake udzaze ankabwera ndi envulopu. Munthu wochokera kuseri kwa sukulu, woyenda wapansi, n'kumalandira ndalama yoti wabwezeredwa thiransipoti. Mwana wobadwa m'zaka zimenezi wakula akuona kuti anthu akasonkhana, pamapeto pamakhala kusayina. Mukamuuza lero kuti agwire chikwakwa kwaulere, amaona ngati pali ndalama yomwe a komiti mwadya. Ndipo ndinene zoona, makomiti ena anadyadi, n'chifukwa chake kukhulupirirana kunatha.

Boma linayesapo. Mu Novembala 2020 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anakhazikitsa tsiku loyeretsa dziko, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Miyezi yoyamba tinasesadi m'misika, zithunzi zinajambulidwa. Lero ndifunse pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula, pa Tengani: Lachisanu lachiwiri la mwezi watha, ndani anagwira tsache?

Ndikudziwa zimene ena muyankhe, ndipo mbali ina mukunena zoona. Chitsulo chimene chimagogodwa kutsidya chija sichilira chokha, kumbuyo kwake kuli mantha. Kumeneko kuli mlembi wa dera, amene amamutcha secretário, ndipo pansi pake pali woyang'anira nyumba khumikhumi. Dongosololi linazikika m'nthawi ya Samora Machel dziko litalandira ufulu mu 1975, nthawi yomwe anthu ankasamutsidwa mokakamiza kukakhala m'midzi ya pamodzi. Amene sabwera ku ntchito ya pamudzi amadziwika, ndipo tsiku lomwe adzafune kalata ya umboni kwa mlembiyo akhoza kuyenda maulendo ambiri. Pa zikondwerero zawo mbendera ya dziko ndi nsalu za chipani cha Frelimo zimayendera limodzi, moti wa chipani china amavina mtima uli pena. Sindikufuna zimenezo kwathu. Ndiponso tonse tinaona zimene zinachitika chisankho chawo cha Okutobala 2024 chitatha, pomwe mu Disembala anthu zikwizikwi ochokera ku Morrumbala anawoloka Shire ndi Ruo kuthawira kuno ku Nsanje. Dziko lokoma kotheratu anthu salithawa pa mwadiya usiku.

Koma nkhalamba ya chitini cha phulusa ija sinkagwira ntchito mwamantha. Ndinaiona ndi maso angawa ikubwerera kukakonza pomwe mzere unakhota pang'ono, popanda woituma. Amayi amene ankamenya mpira aja sanakakamizidwe ndi secretário kuti aseke choncho.

Ena mudzati ndi njala, munthu wopanda kanthu m'mimba sangatchetche bwalo. Njala ndikuidziwa. Mu 2024 ng'amba inapsereza minda mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo kuno anthu anabwerera ku nyika za m'madambo a Ndindi ndi Elephant Marsh, kulimbana ndi ng'ona. Mnyamata amene wapita kukadula nzimbe ku Nchalo kapena kukapalasa kabaza kuti ana adye, ameneyo sindimuimba mlandu. Koma Mutarara ili kumwamba? Dzuwa lomwe limatiwotcha mu Okutobala mpaka kupitirira madigiri 40 ndi lomwelo limawawotcha iwo. Ku Inhangoma, komwe Shire amakathira mu Zambezi, madzi amawapeza mbali ziwiri. Misewu yawo yakumidzi ndi yoipa kuposa yathu, zipatala zili kutali, n'chifukwa chake amadzadzaza zathu. Ndi amphawi anzathu. Ndipo anyamata a patsinde pa nimu aja sanali ku ganyu, anali pa bawo.

Chimene chimandisokoneza mutu kwambiri n'chakuti ife si anthu ouma mtima. Tsoka likagwa, palibe amene angatipose, ngakhale a kutsidyawo. Mu 2015 Ruo atasiya njira yake n'kuzinga Makhanga, asodzi ndi amene anayamba kutsitsa anthu m'mitengo ndi pa zulu ndi miadiya yawo, mabwato a injini ndi ndege zisanafike. Anachitanso chimodzimodzi pa namondwe wa Idai mu 2019, pa Ana mu Januwale 2022 pomwe ngakhale damu la Kapichira linagumuka dziko n'kukhala mumdima, ndi pa Freddy mu Malichi 2023. Mamembala a makomiti oona za ngozi m'midzi amayenda usiku mvula ili pamutu, wezulo pakamwa, kudzutsa anthu kuti athawire kumtunda. Mavolontiya a Red Cross amagona m'misasa limodzi ndi osamukawo. Gaka FM ku Bangula ndi Nyanthepa ku Nsanje amalengeza za kukwera kwa madzi m'chiyankhulo chomwe agogo akumva. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa m'zaka za m'ma 1980, Malawi inasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo m'madera ena a Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Makolo athu anawapatsa malo, anagawana nawo zitsime ndi nkhuni mpaka mtendere unasayinidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Msasa wa othawa kwawo wa Nyamithuthu ndi mboni, ndipo unalandiranso alendo a ku Morrumbala aja. Pa maliro, adzukulu amakumba manda m'dothi louma gwa popanda kufunsa kangachepe. Amayi a m'sukulu za mkombaphala akhala akuphika phala ndi kulera ana a anzawo zaka ndi zaka, ambiri osalandira kalikonse.

Ndiye mtima tili nawo. Koma timautulutsa pa imfa ndi pa madzi basi. Chisangalalo, masewero, magule, tsiku loti mudzi ungokumana n'kuseka, zimenezo tinazipereka m'manja mwa andale ndi mabungwe, ndipo tikudikira kuti atibweretsere. Apa ndi pomwe a kutsidya atipambana. Iwo chisangalalo amachitenga ngati ntchito yofunika kuikonzekera, monga momwe ife timatengera maliro.

Taonani za zikho. Chisankho chikayandikira, ofuna mpando amabwera ndi mipira, majezi olembedwa dzina lawo kumsana, n'kulengeza chikho cha mamiliyoni. Tsiku lotsegulira kumakhala zimkuzamawu, magule, zolankhula zosatha. Mavoti akangowerengedwa, ndime yomaliza imasowa tsiku, kapena opambana amalandira theka la zomwe analonjezedwa. Matimu ena amabadwa ndi chikhocho n'kufa nacho. Mnyamata wa zaka 18 waphunzirapo chiyani? Kuti mpira ndi wa bwana wa ndalama, iye ntchito yake n'kuvala jezi. Kutsidya midzi iwiri imangopangana, kusonkha, kugula mbuzi, kuimangirira kuseri kwa golo, opambana n'kupita nayo. Kuno zobetcherana nkhuku kapena ndalama zilipo ndithu, sindikukana, koma zikuchepa, ndipo kawirikawiri zimathera m'ndewu woyimbira n'kuthawira m'chimanga.

Pa ntchemberembaye pokha ndiye asayerekeze. Kumidzi yawo masewerowa sawadziwa, pomwe kuno sukulu iliyonse ili ndi mitengo iwiri ya mphete, ndipo mtsikana aliyense amadziwa za ma Queens. Bwalo ngati Kalulu ku Nchalo, komwe timu ya Sucoma inkavutitsa matimu a m'tauni kale, simungalipeze kumidzi ya kutsidya yoyandikana nafe. Komabe chigawo chawo cha Tete chinatulutsa timu ya Songo yomwe inatenga ligi ya dziko lonse mu 2017 ndi 2018, pomwe ife Kuchigwa timangogawanika pakati pa Bullets ndi Wanderers, kapena kudzazana m'mavidiyo kuonera mpira wa ku England. Iwonso ali ndi matenda omwewo, kungoti awo ndi Benfica ndi Porto.

Masiku okumbukira ndiye amatiposa poyera. Pa 1 Juni ana amavala zatsopano, makolo n'kuwaphikira mpunga kupita nawo kusukulu. Pa 25 Juni, tsiku la ufulu, ngakhale kamudzi kakang'ono kamakweza mbendera n'kuvina. Pa 4 Okutobala amakumbukira mtendere, pa 12 Okutobala amalemekeza aphunzitsi. Ife 6 Julayi timaimvera pa wailesi ikuchitikira m'bwalo lalikulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ngati kuti ufulu wa 1964 unathera pa Thabwa osatsika phiri. Tsiku la anakubala pa 15 Okutobala ndi labwino, mayi amalandira chitenje ndi ndowa, koma zimathera pakhomo. Amayi a mudzi wonse kukumana, kuvina, kusewera, sizichitika pokhapokha kubwere mlendo wolemekezeka woti amuvinire.

Mgumano wa Asena na Amang'anja ukuyesetsa, ndipo ndimaulemekeza. Anthu akakumana, utse, likhuba, chikuzire, maseseto ndi gule wamkulu zimaoneka, mtima umakhala m'malo. Ku Khulubvi miyambo ya Mbona ikusungidwabe. Koma mwambo waukulu wa mafumu ndi nduna sungalowe m'malo mwa gule wa pamudzi Loweruka madzulo. Mwana saphunzira kuvina utse poonera kamodzi pa chaka ali kumbuyo kwa chingwe cha apolisi. Magulu ambiri ovina omwe atsala m'midzi yathu sakhudza ng'oma mpaka amve kuti kukubwera alendo ndipo pali kenakake.

Pempho langa likupita kwa magulupu ndi anyakwawa, kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi kwa inu a Kuchigwa amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Pa 6 Julayi ikubwerayi gulupu aliyense akonze tsiku lake, osalembera kalata phungu kapena bungwe. Banja lililonse mbale ya ufa, amene alibe abwere ndi nkhuni kapena chidebe cha madzi. Inu a kutauni musatumize ndalama yoti igawidwe kwa ogwira ntchito, gulani mpira, wezulo kapena mbuzi, chinthu choti aliyense achione ndi maso, ndipo komiti iwerenge poyera zonse zomwe zalowa. Amayi apabanja amenyane ndi atsikana, madoda ndi anyamata. Midzi ya m'malire, kwa Ndamera, kwa Chimombo, kwa Nyachikadza, kwa Mlolo, itanani timu ya kutsidya, mafumu akambirana okha monga amachitira pa maliro.

Ife kwathu tayamba kale kufunafuna woimba valimba. M'mudzi mwathu amene ankadziwa kusema mbale zake ndi kumangirira zikasi kunsi anamwalira, ndipo sanasiye wophunzira. Atsibweni alonjeza kuti abwera ndi wawo kuchokera ku Mutarara pamodzi ndi anyamata ake awiri, ndipo avomera kukhala sabata yathunthu kuti aphunzitse ana athu amene angafune. Malo ogona tawapezera, chakudya tikusonkha. Chomwe chikusowa ndi zikasi zouma za misinkhu yosiyanasiyana, ndiye amene muli nazo kumbali ya Tengani kapena Phokera, tiuzeni Juni asanathe.